Uthenga wopatsirana: mbiri ya kalabu ya wailesi ya ku Hartford

Sitima ya Titanic itamira mu Epulo 1912, ku America kunali kulozana zala. Ena mwa olozedwawo anali anyamata ndi abambo amene ankadzipangira okha mawailesi otumizira mauthenga m'nyumba mwawo, ongochita chifukwa chokonda, amene masiku ano amatchedwa ma ham. Mlandu wawo unali wakuti ankasokoneza mauthenga a sitima ndi a asilikali apanyanja. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lotchedwa Radio Act, lakuti aliyense akhale ndi laisensi, ndipo ma ham anawakankhira ku mafunde a mamita 200 kutsika m'munsi, amene akatswiri a nthawiyo ankati alibe ntchito. Kunali kumupatsa munthu munda wapamiyala kuti atope yekha.

Mawailesi awowo sankafika patali, ndipo sankalankhulirapo mawu, ankangogogoda zizindikiro za Morse. Kuchepa mphamvu kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti mnansi akhale wofunika.

Mu 1914, Hiram Percy Maxim wa mumzinda wa Hartford, m'boma la Connecticut, ankafuna kutumiza uthenga kwa mnzake wa ku Springfield, mtunda wosafika makilomita 50. Wailesi yake inakanika. Anakumbukira kuti ku Windsor Locks, pakati pa mizinda iwiriyi, kuli ham wina. Anamupempha kuti alandire uthengawo n'kuupititsa, ndipo unafikadi. Maxim ameneyu, kwa amene dzinali lawadabwitsa, anali mwana wa Hiram Stevens Maxim, uja anapanga mfuti ya chiwaya imene inapulula Amandebele mu 1893. Mwanayo anatchuka ndi kachipangizo kozimitsa kulira kwa mfuti, koma mtima wake unali pa wailesi.

Nkhaniyi anapita nayo kwa anzake a Radio Club of Hartford. Ganizo lake linali losavuta: alembe mayina a ma ham odalirika m'mizinda yosiyanasiyana, uthenga uzidutsa kwa uyu, kwa uyo, mpaka ufike. Kalabu inavomera, ndipo bungwe la American Radio Relay League, mwachidule ARRL, linabadwa chaka chomwecho. Mlembi wake anali mnyamata wachisodzera, Clarence Tuska.

Posakhalitsa mwana anakula kuposa kholo. Kumayambiriro kwa 1915 kunabuka kusamvana pa udindo wa kalabuyo m'bungwe limene tsopano linali ndi mamembala akutali, ndipo ARRL inachoka n'kukalembetsa payokha. Mu Disembala chaka chomwecho Maxim ndi Tuska anatulutsa magazini ya QST ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ine ndikuona kuti kupatukanako kunali kosapeweka, pakuti kalabu ya mzinda umodzi sikanalamulira dziko lonse. Komabe ntchito yeniyeni inatsala m'makalabu ang'onoang'ono momwemo. Ndimo mmene munthu watsopano amaphunzirira kukwezera mlongoti, kukonzekera mayeso a laisensi, ndi kudziwa amene ali ndi batire yosungira.

Mu 1917 boma linawatsekera ma ham onse chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse lapansi, n'kuwalolanso mu 1919. Kenako munda wapamiyala uja unabereka. Mu Novembala 1923, Léon Deloy wa ku Nice ku France anatumizirana mauthenga ndi Fred Schnell ndi John Reinartz a ku Connecticut, pa mafunde a mamita pafupifupi 100, kuwoloka nyanja ya Atlantic. Mu 1925 ku Paris kunakhazikitsidwa bungwe la ma ham a dziko lonse lapansi, IARU, Maxim n'kukhala pulezidenti woyamba. Lero chizindikiro choitanirana cha ham chimaulula kwawo: cha ku Malawi chimayamba ndi 7Q, cha ku Zambia ndi 9J.

Anthu wamba sanalabadire kwambiri za kuwoloka nyanja. Chimene chinawakopa ndi kuona kuti mawaya a lamya akaduka, mnansi wa mlongoti padenga uja amathabe kuitana thandizo. Mu 1933 ARRL inayambitsa Field Day, mwambo wakuti makalabu atulutse zida zawo panja, aimike matenti ndi milongoti, ayese kulumikizana popanda magetsi a m'nyumba. Umachitikabe mwezi wa Juni chaka chilichonse. Mu 1935 anakhazikitsa gulu la odzipereka pa ngozi, limene pano limatchedwa ARES.

Maxim anamwalira mu Febuluwale 1936. Mwezi wotsatira mtsinje wa Connecticut unasefukira koopsa, ndipo m'madera ambiri a kumpoto chakum'mawa kwa America ma ham ndi amene ananyamula mauthenga a opulumutsa anthu. Madziwo sanasiye ngakhale siteshoni ya ARRL, W1MK, imene inali pabwalo la ndege la Brainard Field ku Hartford. Inawonongeka. Anamanga ina ku Newington, n'kuitsegula mu 1938 ndi chizindikiro cha W1AW pokumbukira Maxim, ndipo mpaka pano imaulutsa nkhani za ma ham ndi maphunziro a Morse kwa ongoyamba kumene.