Kuonetsa kasitomala webusaiti popanda kumupatsa ntchito yonse

Zaka zingapo zapitazo ndinatumizira mwini bizinesi ina ya zipangizo zomangira linki ya webusaiti yachitsanzo imene ndinaigwira kwa masabata awiri, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti akambirana kaye ndi anzawo. Sanandiimbirenso. Patapita mwezi ndinapeza webusaiti yawo ili pa intaneti ndi mitundu yomweyo komanso masanjidwe omwewo, ndipo nditatsegula code yake, kutanthauza malangizo olembedwa amene amapanga webusaitiyo, ndinapezamo mawu amene ndinadzilembera ndekha m'Chichewa mkati mwa fayilo ya CSS (yoyang'anira maonekedwe a tsamba), ondikumbutsa kukulitsa batani kuti lizidinika bwino pa foni. Amene anakopera uja sanawachotse n'komwe.

Chimene chinachitikacho sichinafune luso lapadera, ndipo aliyense wopanga mawebusaiti ayenera kumvetsa chifukwa chake. Kuti tsamba lioneke pa kompyuta kapena pa foni ya munthu, seva, kompyuta imene imasunga webusaitiyo, imayenera kutumiza mafayilo a HTML, CSS, JavaScript ndi zithunzi kwa browser yake, monga Chrome kapena Firefox. Mafayilowo akangofika, ali m'manja mwake. Akadina Ctrl+U amaona HTML yonse, akadina F12 amaona zotsalazo, ndipo mapulogalamu aulere monga HTTrack ndi wget amakokera masamba onse pamodzi ndi zithunzi zake mu foda imodzi m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake ndimawalangiza achinyamata amene akuyamba ntchitoyi kuti asataye nthawi ndi kutseka right-click, kudina batani lakumanja la mouse pa tsamba. Kutsekako kumachitika ndi JavaScript, imene aliyense angathe kuizimitsa, ndipo kumangokwiyitsa kasitomala wabwino amene amafuna kutsegula linki pa tsamba lina.

Ena amadalira kusokoneza code kuti isawerengeke. Zida monga Terser zimachotsa mipata ndi kufupikitsa mayina, ndipo zina zimapotoza kalembedwe konse. Zimenezi zimachedwetsa munthu wofuna kusintha JavaScript yanu, koma siziletsa kuikopera monga momwe iliri, ndipo Chrome yomweyo ili ndi batani lobwezeretsa mizere kuti iwerengeke. Maonekedwe a tsamba, amene kasitomala amawasirira kwenikweni, sabisika mwa njira imeneyi.

Mbali imene imatetezeka ndi imene imagwira ntchito pa seva. Code ya PHP kapena Python, pamodzi ndi database (nkhokwe ya zinthu zimene webusaiti imasunga), sizitumizidwa kwa browser. Chimene chimapita ndi zotsatira zake zokha. Komabe ndaonapo anzathu akudzivulaza okha posiya fayilo ya zip ya ntchito yonse, kapena foda ya .git yosunga mbiri ya code yonse, pamalo poti aliyense wolemba adiresi yake angaikokere. Musanatumize linki iliyonse, yang'anani kaye zimene zili mu foda yapoyera. Ndipo musaike chitsanzo pa seva ya kasitomala asanamalize kulipira, chifukwa pamenepo ndiye kuti mwapereka ndi PHP yomwe.

Choncho funso lenileni ndi lakuti mutumize chiyani ndipo pa nthawi iti. Munthu amene sitinagwirizane kanthu ndimamuonetsa zithunzi zokha, za PNG kapena PDF, zokhala ndi dzina langa lolembedwa mopepuka modutsa pakati, kapena chitsanzo cha mu Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a webusaiti, chimene chimadinika ngati webusaiti yeniyeni koma mulibe code yoti wina angaiike pa seva. Akafuna kuona ikuyenda, ndimanyamula laputopu n'kupita ku ofesi yake, kapena ndimamuonetsa sikirini yanga pa Zoom kapena Google Meet. Njira imeneyi ili ndi ubwino wina umene sindinauyembekeze poyamba: munthu akakhala pambali panu amaloza ndi chala chimene sichikumusangalatsa, ndipo mumamva m'mphindi makumi awiri zimene akanalemba pa WhatsApp kwa sabata yathunthu. Linki ya webusaiti yogwira ntchito ndimaipereka dipoziti ikalowa, ili pa seva yanga, yotsekedwa ndi pasiwedi, yokhala ndi chizindikiro cha noindex kuti Google isaiike m'zotsatira zake, ndipo ndimaitseka tsiku limene tinapangana likakwana.

Lamulo nalo lili kumbali ya wopanga. Pansi pa Pangano la Berne la 1886, mgwirizano wa mayiko woteteza ntchito za olemba ndi ojambula, limene Malawi inalowamo, umwini wa ntchito umayamba ntchitoyo ikangolembedwa, popanda kulembetsa kwina kulikonse, ndipo Copyright Act ya Malawi ya 2016 imateteza mapulogalamu a kompyuta. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. Lamuloli limateteza zimene mwalemba ndi kujambula, osati ganizo lokha, kotero amene waona masanjidwe anu n'kukalemba code yakeyake ndi wovuta kumuimba mlandu. Chachiwiri n'chakuti WordPress, pulogalamu yotchuka yopangira mawebusaiti, ili pansi pa laisensi ya GPL, yolola kusintha ndi kugawira ena code, ndipo eni ake amaona kuti code ya PHP ya mu theme (mafayilo opanga maonekedwe a webusaitiyo) imatengera laisensi yomweyo, motero amene mwamupatsa mafayilowo ali ndi ufulu wowasintha ndi kuwagawira ena.

Kupita kukhoti chifukwa cha webusaiti imodzi kungadye ndalama zoposa mtengo wa ntchitoyo, n'chifukwa chake ine ndimadalira mgwirizano wolembedwa, ngakhale wa tsamba limodzi. Mmenemo mumanenedwa kuti zithunzi ndi code ndi zanga kufikira malipiro omaliza atalowa, kuti dipoziti ndi theka la mtengo, komanso kuti chitsanzo chisaperekedwe kwa wopanga wina. Makasitomala ena amaona ngati sindikuwakhulupirira, ndipo ndimawafotokozera modekha kuti pepala lomwelo likundimanganso ine kupereka mafayilo onse, mapasiwedi ndi dzina la webusaiti m'manja mwawo tsiku limene amaliza kulipira.