Nkhanza za paubwana zimafika mpaka pa kagundidwe ka mtima

Gwirani pamkono panu pamene pamamveka kugunda, kenaka mupume modekha. Mukamakoka mpweya mtima umafulumirako, mukamautulutsa umachedwako. Mtima wathanzi umatero. Mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira umasinthasintha, ndipo ife achipatala kusinthaku timakutchula HRV, timakuyeza ndi makina ojambula kagundidwe ka mtima otchedwa ECG.

Amene amachedwetsa mtimawo ndi mtsempha wonyamula mauthenga wotchedwa vagus, wochokera kunsi kwa ubongo, kudutsa m'khosi, kukafika ku mtima, m'mapapo ndi m'mimba. Ntchito yake ili ngati ya mabuleki a njinga ya kabaza potsika chitunda cha ku Bembeke. Zoopsa zikabwera mabulekiwo amamasuka, michere yotakasa thupi yotchedwa adrenaline imathamanga m'magazi, mtima nkuyamba kuthamanga kuti munthu athawe. Zikapita, vagus amagwiranso, thupi nkukhala pansi.

Nanga mwana amene zoopsa zake sizipita? Akamva bambo akubwera ataledzera, amayamba kale kumvetsera mmene chitseko chitsegukire. Amagona khutu lili panja. Thupi lake limaphunzira kukhala tcheru usana ndi usiku, pa zaka zomwe ubongo ndi mitsempha zikukula. Kafukufuku wapeza HRV yotsika, chizindikiro choti mabuleki aja sakugwira bwino, mwa ena amene anakula chonchi, makamaka omwe akudwalanso matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Si onse ayi, ndipo makina okha sangauze munthu zomwe anadutsamo. Koma HRV yotsika imayenda limodzi ndi matenda a mtima, nchifukwa chake nkhaniyi imandikhudza. Mu 1998 madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda ku America anaonetsa kuti nkhanza za paubwana zikachuluka, chiopsezo cha matenda a mtima munthu atakula chimakweranso.

Kwathu kuno, kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti anyamata oposa theka anachitidwa nkhanza zomenyedwa asanakwane zaka 18. Ena ndi ana athu omwe timawatuma kumunda wa kachewere m'mawa kukuzizira, tikumati akungouma mutu, pomwe mwanayo akudzidzimuka ndi phokoso lililonse, akukodza pogona, kusukulu zinthu sizikulowa.

Mitsempha imeneyi imatha kuphunziranso. Kupuma pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi pa mphindi, kumakweza HRV. Kuyenda ndawala ndi kugona mokwanira kumathandizanso. Kwa mwana, chachikulu ndi munthu wamkulu mmodzi wodekha amene angamukhulupirire, kaya agogo, azakhali kapena aphunzitsi. Koma nkhanzazo ziyambe zatha. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi kwanuko.