Kuletsa HIV m'labotale si kuchiza Edzi

Ambiri akamva kuti asayansi apeza choletsa HIV m'magazi, amati mankhwala ochiza Edzi alipo, akungobisidwa. Si choncho ayi.

Mu 1986, gulu la wasayansi Jay Levy ku San Francisco, m'dziko la America, linaona kuti maselo oyera a magazi otchedwa CD8 amaletsa kachiromboka kuswana. Mu 1995, gulu la wasayansi wina, Robert Gallo, linapeza timapuloteni titatu totuluka m'maselowa. Kenaka zinadziwika kuti timatseka CCR5, khomo lomwe kachirombo kamalowera m'selo.

Komatu zimenezi zinachitikira m'timbale ta m'labotale. M'thupi kachirombo kamabisala mu DNA ya maselo, ndipo mtundu wina wa kachiromboka umalowera khomo lina, CXCR4. Mankhwala a maraviroc, otseka CCR5, anavomerezedwa mu 2007, koma amangochepetsa kachirombo monga ma ARV ena.