Mukakayikira mtedza kapena chimanga, mutaye kapena mudye?

Mtedza wogula ku msika wa Mgona ku Lilongwe kapena thumba la chimanga lochokera ku Mitundu zingathe kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, koma wogula sangadziwe pongoyang'ana. Poizoniyu amachokera ku chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus. Alibe fungo lakelake, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Kuti munthu atsimikize, pamafunika kuyeza ku labotale monga amachitira akatswiri a kafukufuku wa zaulimi a ku Chitedze, koma palibe mayi angapite kumeneko ndi ndowa ya mtedza wosinjira. Ngakhale kuyezako kumaphonya nthawi zina, chifukwa poizoni amaunjikana mu njere zochepa chabe mwa njere zambirimbiri za m'thumba.

Nanga munthu achite chiyani pamene umboni palibe? Mayiko atakumana ku Rio de Janeiro mu 1992 anagwirizana mfundo yomwe ili pa nambala 15 m'chikalata chawo. Mfundoyi ikuti ngati chinthu chingawononge kwambiri kapena mosabwezeka, kusowa kwa umboni wokwanira wa sayansi kusakhale chifukwa chozengereza kuchita zopewera zomwe mtengo wake ndi wogwirizana ndi phindu lake. Inalembedwera zachilengedwe, koma imagwiranso ntchito pa chakudya ndi zaumoyo. Ambiri amakumbukira za kupewazo n'kuiwala za mtengowo, pamene kupewa nakonso kumatha kuvulaza.

Tinazionera pa njala ya 2002, pamene chimanga chathandizo chochokera ku United States chinali chosinthidwa chibadwa, chija amati GMO. Zambia inachikana chonse, anthu ake ali ndi njala. Malawi inachilandira koma inafuna kuti chigayidwe, kuti wina asachibzale n'kusakanikirana ndi mbewu zathu. Njala inali yotsimikizika, pamene vuto la mbewu linali longokayikiridwa, ndiye kugaya kunatseka chokayikitsacho popanda kumana anthu nsima. Njira yapakati ngati imeneyi ndiyo yoyenera kufunafuna poyamba.

Pa aflatoxin, kuopsa kwake n'kwakukulu ndipo sikubwezeka. Kudya poizoniyu pang'onopang'ono kwa zaka kumayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo akatswiri amakugwirizanitsanso ndi kupinimbira kwa ana. Kudya wambiri nthawi imodzi kumapha: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira ndi chimanga chachuku. Komano zopewera zambiri ndi zotsika mtengo, choncho palibe chifukwa chodikira umboni.

Yambani ndi kuumitsa. Chimanga chiume mpaka chinyontho chitsike kufika pa 13 peresenti, mtedza pa 8 kapena kutsikirapo. Yanikani pa lona, pa mphasa kapena pa thandala, osati padothi, pakuti chukucho chimakhala m'nthaka. Ngati mulibe makina oyezera, thirani chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma bwino, onjezerani masupuni 2 kapena 3 a mchere wouma, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, kenaka dikirani mphindi 15. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, musasoke thumba. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amathandiza kwambiri pa anankafumbwe, koma mukaikamo chimanga chonyowa mwangotsekera vuto mkati. Matumba asanjidwe pa matabwa kapena pamitengo, motalikira khoma.

Pa mtedza pali chizolowezi chimodzi choipa kwambiri: kuwaza madzi makoko kuti afewe poswa, mwinanso kuti mtedza ulemere pasikelo. Chinyontho chimenecho ndicho chimadzutsa chuku mtedza uli kale m'thumba. Wogula aupinde pakati: wouma umathyoka kuti thyo, wonyowa umapindika ndipo khungu lake silifikisika.

Kenaka sankhani ndi manja pa lichero. Chotsani njere zofota, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo, ndi zosintha mtundu. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma imachotsa gawo lalikulu la poizoni chifukwa iye amakonda njere zomwezo. Pa chimanga, kukonola, kuviika mphale ndi kutaya madzi ake kumachepetsanso poizoni, ndiye chimanga chokayikitsa ndi bwino kuchipanga ufa woyera kusiyana ndi mgaiwa. Kuchepetsa si kuthetsa ayi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa atasankha kale bwino. Mtedza wabwino amagulitsa, wosankhidwawo amasinja nsinjiro zothira m'phala la mwana kapena kupanga chiponde, ndiye poizoni wambiri wa m'thumba amathera m'mbale ya wamng'ono kwambiri pakhomo. N'chifukwa chake nsinjiro zogula zosinjasinja ndi zokayikitsa kuposa mtedza wathunthu womwe mungasankhe nokha. Madeya a chimanga chachuku nawonso ndiwo amatenga poizoni wambiri. Mukapatsa ng'ombe yamkaka, gawo lina limatulukira mu mkaka, ndipo nkhuku zimakula mochedwa n'kuchepetsa kuikira.

Kutaya thumba lonse la makilogalamu 50 m'mwezi wa February ndi nkhani yolemera, ndipo sitingauze banja kuti litaye chifukwa cha njere zingapo zakuda. Zoterozo sankhani, konolani, viikani. Koma ngati chimanga chagwirana mabuluma, chikutentha mukapisa dzanja, chikununkha chuku, kapena chili ndi fumbi lobiriwira mbali zambiri za thumba, kusankha sikungachipulumutse. Chimenecho chitenthedwe kapena chikwiriridwe mozama. Musachigulitse kwa ofulula mowa, ndipo musapatse ziweto.