Si ayezi woyandama amene akukweza nyanja zamchere

Yatikwana nkhani yakalekale yoti nyanja zamchere zikukwera chifukwa ayezi woyandama pamadzi akusungunuka. Yesani nokha kunyumba: ponyani ayezi m'kapu ya madzi, ikani chizindikiro pomwe madzi alekezera. Akasungunuka, mupeza madzi ali pomwepo, poti ayeziyo anali atatenga kale malo ake.

Chimene chimakweza nyanja ndi ayezi wa pamtunda amene amasungunuka n'kutsikira m'nyanja, monga wa ku Greenland ndi Antarctica (madera ozizira kwambiri okutidwa ndi ayezi), komanso kutentha, chifukwa madzi akatentha amafufuma. Kuchokera mu 1900 nyanja zakwera pafupifupi masentimita 20. Izi zimayezedwa ndi zida za m'madoko ndi masetilaiti kwa zaka zambirimbiri, osati pa tsiku limodzi la mafunde. Mukalandira uthenga wosanena komwe manambala ake achokera, musautumize kwa ena.