Dropper yotchipa ikayamba kuvuta, musathamangire kwa owotcherera

Njinga za m'mapiri zomwe zikufika kuno ku Mchinji masiku ano, zina za kaunjika kuchokera ku Lilongwe, zina zodutsa pa Mwami kuchokera ku Chipata, zayamba kubwera ndi kaliva kachilendo pa handulo, pafupi ndi chala chachikulu cha kumanzere. Mukakadina mutakhala, chishalo chimatsika. Mukakadina mutadzuka, chimabwerera m'mwamba chokha. Paipi yonyamula chishalo yotereyi imatchedwa dropper. Ambiri akaona chishalo chikutitimira amangoti njinga yatha, n'kupita nayo kwa owotcherera kuti chisasunthenso, osadziwa kuti akupha chipangizo chomwe mtengo wake nthawi zina umaposa wa mawilo onse awiri.

Ntchito yake njosavuta kumvetsa. Pokwera chitunda mumafuna chishalo chili pamwamba kuti mwendo uwongoke. Potsetsereka m'njira zamiyala, ngati za m'mapiri a kuseri kwa boma, mumafuna chitsike kuti thupi likhale pansi ndiponso cham'mbuyo, kuopa kuti mungagudubuke chamutu. Mu 1984, Joe Breeze ndi Josh Angell a ku California anapanga Hite-Rite, sipuling'i yomangirira kunja kwa paipi, yobwezera chishalo m'mwamba. Dropper ya RockShox Reverb itatuluka mu 2010 chipangizochi chinafala, ndipo mu 2022 Matej Mohorič anapambana mpikisano wa njinga wa Milan-San Remo ku Italy, womwe ndi wa pa tala, atamanga dropper kuti atsetsereke mwaliwiro phiri lomaliza la Poggio. Pano pali zotchipa zambiri, monga TranzX, Brand-X Ascend ndi zina za KS.

Maganizo anga ngakuti kwa ife kuno, zotchipazi n'zoyenera kuposa zina zodula. Reverb yakale imalamulidwa ndi mafuta odutsa m'kapaipi kuchokera pa handulo, ndipo mpweya ukalowamo pamafunika mafuta ake ndi majekeseni ake ochotsera mpweyawo. Mukazipeza kuti pa Kamwendo? Yotchipa imakokedwa ndi kebulo wamba wa magiya, yemwe makaniko aliyense amamudziwa.

M'kati mwake muli katiriji, kachubu kachitsulo kotsekedwa ku fakitale, momwe muli mafuta ndi mpweya wopanikizidwa. Ndi nzeru yomweyo ya mpando wa mu ofesi wokwera ndi kutsika uja. Kebulo akakoka, kamtengo kachitsulo kamakankha vavu, mafuta n'kudutsa, chishalo n'kuyenda. Mukasiya kaliva, vavu imatseka, mafuta sapezanso podutsa, chishalo n'kuima pomwepo. Kuzungulira katirijiyo pali zinthu zochepa: labala yopukuta fumbi pakamwa pa paipi, bushi yomwe paipi yam'mwamba imatereramo, ndi timapini ta bulasi, kawirikawiri titatu, toletsa chishalo kuzungulira.

Anthu akabwera nayo njinga amati katiriji yafa. Nthawi zambiri siinafe. Choyamba kuona ndi kebulo. Akathina kwambiri, vavu imakhala yotsekuka pang'ono nthawi zonse, ndiye chishalo chimatsika chokha mukangokhalapo. Akakhwepa, mumadina kaliva koma palibe chochitika. Pa kaliva pamakhala kanati kopotokola ndi zala. Kapotokoleni mpaka kaliva kakhale ndi kampata kakang'ono kasanayambe kukoka. Ngati kaliva kakulimba kapena sikakubwerera, kebulo wachita dzimbiri kapena chikopa chake chapindika m'kati mwa fulemu. Sinthani zonse ziwiri. Kuti mutsimikize, chotsani kebulo n'kukankha ndi chala kachitsulo ka pansi pa paipi: dropper ikayenda bwino, mlandu ndi wa kebulo.

Chachiwiri ndi bawuti yomangira paipi ku fulemu. Tinazolowera njinga za katundu zomwe timamanga mpaka sipanala italira. Pa dropper, kumanga choncho kumafinya paipi yakunja, yam'kati n'kumakakamira pakati panjira. Opanga ambiri amanena 4 mpaka 6 Nm, kutanthauza kumanga kongokwanira kuti paipi isaterereke. Masulani pang'ono muone. Zambiri zimachira pomwepo.

Kenako fumbi, lomwe ndiye mdani wamkulu kuno. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, wilo lam'mbuyo limaponyera dothi pa paipi penipeni, ndipo mu Januwale ndi matope. Nthawi iliyonse chishalo chikatsika, kafumbi kena kamalowa pansi pa labala ija, kusakanikirana ndi girisi, n'kuyamba kupala bushi ndi timapini. Zizindikiro zake: kubwerera mwaulesi, kulira kwa mchenga, kenako mizere pa paipi yonyezimirayo. Mizere ikangolowa, labala yatsopano siithandizanso. Choncho pukutani paipi ndi kansalu koyera mukangofika, osadikira Loweruka. Mukayamba kumva kukakamira, masulani kolala ya pakamwa, yomwe pa zambiri imamasuka ndi dzanja, ikwezeni, pukutani, pakani girisi watsopano. Kamodzi kapena kawiri pachaka, makamaka mvula ikatha, paipi yakunja ivulidwe yonse, zam'kati zitsukidwe. Yalani nsalu pansi, chifukwa timapini tija tikagwera mumchenga simudzationanso.

Za girisi ndinenepo mwamphamvu. Girisi wa mabering'i a galimoto ngolimba kwambiri, amachititsa kuti chishalo chizikwera ngati chikudwala, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi kukazizira. Pamafunika wofewa, wa mashoko a njinga, monga Slick Honey kapena SRAM Butter. Akasowa, kadontho ka mafuta a foloko kangakupulumutseni kwa kanthawi. Oyilo wakuda wochoka mu injini ayi, ndipo musatsuke malabala ndi petulo, amafufuma. Sipiriti ndi wokwanira.

Chishalo kugwedezeka pang'ono kumanja ndi kumanzere si matenda. Ngakhale zatsopano zimatero. Kukakula mpaka kumveka popalasa, timapini tatha, tisinthidwe.

Vuto lenileni la katiriji limadziwika chonchi: kebulo ali bwino, chishalo chili pamwamba, koma mukakhalapo chimabonyera pansi ngati sentimita imodzi kapena masentimita awiri, mukadzuka n'kubwerera. Mpweya wadutsa n'kulowa m'mafuta. Kawirikawiri timazichititsa tokha, ponyamula njinga pogwira chishalo chili chotsitsa, kaya podutsa pamtsinje kaya poikweza pa minibasi. Kukoka kumeneko kumayamwira mpweya mbali ya mafuta. Kwezani chishalo musananyamule, ndipo poisunga njinga chizikhala chokwezeka. Katiriji yotsekedwa ikafika pamenepa siikonzedwa, imangosinthidwa. Musalole munthu kuiboola kapena kuiwotcha, mpweya uli m'katimo ukhoza kumuvulaza. Pali zina zokhala ndi vavu pansi pa chishalo zomwe mumatha kuwonjezera mpweya, koma zambiri zimafuna 200 mpaka 300 psi (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), pomwe tayala la njinga yomweyo limayenda ndi 30 kapena kucheperapo. Pampu ya matayala siingathe, pamafunika ya mashoko.

Apa ndi pomwe kutchipa kumatha kuluma. Katiriji ya TranzX, Brand-X kapena KS ikhoza kuitanitsidwa ndi wina wopita ku Johannesburg, bola mumupatse dzina lenileni ndi kutalika kwake, 100, 125 kapena 150 mm. Koma dropper yopanda dzina, yongogulidwa pa intaneti, katiriji yake ikafa nayonso yafa. Pogula onaninso kunenepa kwa paipi: 27.2, 30.9, 31.6 kapena 34.9 mm, nambala imalembedwa cha kumunsi. Yaing'ono ikhoza kulowa mu fulemu yaikulu mutaika shimu yake yeniyeni, kachubu kodzazira mpatawo, osati chidutswa cha chitini. Ngati ndi ya kaunjika, yendetsani chikhadabo pa paipi kuti mumve mizere, ndipo khalanipo mwamphamvu muone ngati ikubonyera.

A kabaza amafunsa ngati angamange pa njinga zawo. Ndimawakaniza. Msewu wa pa boma kupita ku Mwami ulibe potsitsira chishalo, wokwera kumbuyo amakonda kugwira ndi kukoka chishalo chomwecho, ndipo keriyala yomangirira pa paipi ingaipale tsiku loyamba. Paipi wamba yachitsulo ndiyo yoyenera ntchito imeneyo.