Musanagule batire lina, yezani kaye ngati njinga ikutchaja

Njinga yamoto ikakana kulira m'mawa, mwini wake amafika pa garaja yathu ku Ulongwe ataweruza kale mlandu: batire lafa, ndipatseni lina. Ena amakhala atagula kale latsopano, lagwira milungu ingapo, nalonso lagona. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti batire silipanga magetsi, limangosunga amene injini yapanga. Lili ngati nkhokwe. Mukaipeza yopanda chimanga, mwina ndi yoboola, komanso mwina kumunda sikunachokere kanthu, ndipo kumanga nkhokwe yatsopano sikungathetse njalayo.

Musanagwire sipanala, tembenuzani kiyi n'kumvetsera. Ngati kanyale ka nyutulo sikakuyaka, hutala nayo ili chete, yambani ndi fyuzi yomwe imakhala pafupi ndi batire. Pa njinga zambiri za 125 ndi 150 imakhala ya 10A kapena 15A. Ikapsa ikani ina yofanana nayo. Chizolowezi chomangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya chawotchetsa mawaya a njinga zambiri, chifukwa fyuzi sipsa popanda chifukwa. Ngati nyale zikuyaka koma mukadina sitata mukungomva kuti "tha-tha-tha" nyalezo n'kuzilala, ndiye kuti magetsi sakukwanira kuzunguza injini. Zikakhala kuti nyale zikuwala bwinobwino, mwadina sitata koma palibe ngakhale kaphokoso, onani switchi yofiira ya pachiwongolero, kenako ya pa klatchi ndi ya pa sitandi ngati njinga yanu ili nazo. Koma sitata ikamazunguza injini mwamphamvu osalira, batire lisiyeni, kafufuzeni petulo ndi pulagi.

Mitu ya batire ndiyo imatinamiza kwambiri. Misewu yafumbi ya kumidzi, monga yolowera ku Domwe kapena ku Tsangano, imagwedeza timabawuti mpaka kukhwefuka. Mutu wokhwefuka, kapena womera ufa woyera kapena wobiriwira, umalola magetsi oyatsa kanyale kudutsa koma osati ochuluka amene sitata imafuna. Masulani waya wa (–) poyamba, kenako wa (+), tsukani ndi madzi ofunda osungunulamo soda wophikira, palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo pobwezera muyambe wa (+) n'kumalizira wa (–). Onaninso pamene waya wa (–) wamangidwa ku felemu kapena ku injini, dzimbiri limakonda kubisala pamenepo.

Zikapitirira, pakufunika kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter. Wa kabaza aliyense ndimamuuza kuti akhale nako, pakuti mtengo wake sufika pa wa batire limodzi. Ikani pa DC 20V, waya wofiira pa (+), wakuda pa (–), njinga itazima kwa maola angapo. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 mpaka 12.8. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili pafupifupi theka, ndipo pansi pa 12.0 magetsi ake atheratu. Nambala imeneyi payokha siikwanira. Siyani mawaya pomwepo, wina adine sitata inu mukuyang'ana. Batire lamoyo limatsika pang'ono koma silipita pansi pa 10 kapena 9.6. Lina limaonetsa 12.6 mooneka bwino, n'kugwa kufika pa 6 kapena 7 sitata ikangogwira. Limenelo ndiye lotha, ngakhale mulitchaje usiku wonse.

Tsopano muyeso umene anthu amaudumpha. Lizani njinga, kaya ndi kiki kaya ndi batire lobwereka, muyatse nyale yakutsogolo, mukoke moto pang'ono injini imveke ngati muli paulendo. Pa mitu ya batire pazioneka 13.5 mpaka 14.5. Nambala ikangokhala pa 12, kapena ikamatsika, njinga sikutchaja, ndipo batire lililonse limene mungaike lidzatha chimodzimodzi. Magetsi amachokera ku koyilo ya m'magineto, m'mbali mwa injini, ali a AC, mtundu wosinthasintha mbali umene batire silingasunge. Amadutsa mu rekitifaya, kabokosi kachitsulo kokhala ndi mizere yotulutsira kutentha, komwe kamawasandutsa DC, mtundu umene batire limasunga, n'kuwachepetsa kuti asapyole muyezo. Pakati pa ziwirizi pali pulagi ya mawaya, ndipo kawirikawiri ndimaipeza itada kapena itasungunuka. Kuikonza kumathetsa vuto popanda kugula chilichonse. Ngati pulagi ili bwino, izuleni, ikani mita pa AC, muyeze mawaya ochokera ku koyilo, amene nthawi zambiri amakhala achikasu kapena oyera. Mukamakoka moto nambala izikwera. Ikakwera, koyilo ilibe mlandu, wokayikitsa ndi rekitifaya. Ikapanda kusuntha, koyilo yapsa kapena waya wake waduka.

Rekitifaya imathanso kufa mwa njira ina, n'kumalola magetsi opyola 15. Zizindikiro zake ndi mababu opsa pafupipafupi, batire lotentha kapena lotupa, ndi fungo ngati la dzira lowola. Njinga yotere musayende nayo mtunda wautali, ingakuwotchereninso CDI, kabokosi koyendetsa moto wa pulagi ya injini.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Ku Tete ndi ku Moatize, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, madzi a m'batire lotsegula amauma msanga. Onani mizere ya m'mbali mwa batirelo ndipo muonjezere madzi a batire okhaokha. Asidi musaonjezere, madzi a pachitsime kapena pa mjigo ayinso, mchere wake umapha mapuleti a m'kati mwa batire. Kuno ku Angonia vuto limaonekera mu Juni ndi Julayi: kuzizira kumafooketsa batire, oyilo amalimba, ndiye batire lomwe linkangokakamira limagonja m'mawa umodzi.

A kabaza mundikhululukire, koma zina mumadzipalira nokha. Koyilo ya njinga yaing'ono inapangidwira nyale, hutala ndi batire la 5Ah kapena 7Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga). Mukaonjezera sipika, nyale zokongoletsa ndi chotchajira mafoni, kwinaku mukudina sitata pa kaulendo kalikonse kochoka pamsika kupita pasiteji, batire limatulutsa zambiri kuposa zimene likulandira. Choipitsitsa ndi kulumikiza zinthuzi molunjika ku batire osadzera ku kiyi, pakuti zimayamwa ngakhale njinga itagona. Ndipo kulira ndi kiki si umboni woti zonse zili bwino. Njinga zambiri zakale zimatenga moto wa pulagi molunjika ku magineto, choncho zimalira ngakhale batire litafa, pomwe zina zatsopano, makamaka za injekishoni (zopanda kabyuleta), sizingalire popanda batire lamphamvu.

Mukafuna kubwereka magetsi ku galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima. Potchaja, batire laling'ono limafuna magetsi apang'ono kwa nthawi yaitali, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake: la 5Ah lipatseni 0.5A kwa maola 10 kapena kuposerapo. Tchaja ya mabatire a galimoto imalitenthetsa n'kupinda mapuleti, ndipo sola yolumikizidwa molunjika popanda kontilola, kabokosi kowongolera magetsi a sola, imachita zomwezo dzuwa likakula. Njinga ikati ikhale mwezi osayenda, monga nthawi ya mvula pamene misewu ina siidutsika, masulani waya wa (–) ndipo muzilitchaja batirelo kamodzi pa mwezi, chifukwa likakhala nthawi yaitali lili lopanda magetsi mapuleti ake amakutidwa ndi mchere wolimba wotchedwa sulphate, ndipo silidzadzanso ngati kale.